Motoka imawoloka boda, waranti imatsala

Msuweni wanga ndi mphunzitsi ku Lundazi, kwathu kumene eni ake timakutcha Kanele. Anasunga ndalama zaka zinayi, n'kuwonjezera za soya ndi nshawa za m'munda mwake, mpaka zinakwana kugula motoka. Anaisankha pafoni usiku wina atakhala pakhonde: zithunzi zambirimbiri, mipando yoyera, makilomita ochepa. Patapita miyezi iwiri inatsika m'sitima ku Dar es Salaam, dalaivala waganyu anaifikitsa pa Nakonde, ajenti anamaliza za msonkho. Tsiku limene inalowa pabwalo panafa nkhuku ziwiri. Sabata lachitatu, akuchokera ku Chipata, giyabokosi inayamba kulira ngati chigayo, kenako motoka inakana kupita kutsogolo.

Anandiimbira ndili ku Lusaka. "Msuweni, mapepala onse ndili nawo, odindidwa bwinobwino. Nanga waranti ndikaifunse kwa ndani?"

Ndinamuuza kuti awajambule anditumizire pa WhatsApp. Panali invoisi, pepala la sitima, pepala losonyeza kuti motoka inachotsedwa m'kaundula wa ku Japan, satifiketi ya oyendera, malisiti a msonkho, inshuwalansi ndi White Book. Ndinawawerenga kawiri. Panalibe ngakhale limodzi limene munthu analonjezapo kuti chikawonongeka adzakonza. Kuti timvetse chifukwa chake mulu wa mapepala wotere ungakhale wopanda lonjezo, tiyenera kubwerera m'mbuyo ndithu, motoka isanafike kwathu.

Kale malonda aakulu kumudzi anali ng'ombe. Munthu akagula ng'ombe, n'kumufera patangopita masiku atatu, sankasowa kolowera. Wogulitsa anali wa mudzi wodziwika, mboni zinalipo, ndipo nkhani ikakula inkafika kwa nduna, mwinanso kubwalo la mfumu Mphamba kapena Mwase. Akulu amati mlandu suola. Suola chifukwa wogula ndi wogulitsa amamwa mtsinje umodzi, adzakumana pamaliro, ana awo adzakwatirana. Panalibe cholemba, koma munthu woti umugwire pamkono analipo.

Lamulo lolembedwa linabwera ndi atsamunda, ndipo pali tsiku limodzi loyenera kulisunga: 17 Ogasiti 1911. Limeneli ndi tsiku limene North-Eastern Rhodesia, kumene kunali Lundazi ndi Fort Jameson, inalumikizidwa ndi North-Western Rhodesia kukhala Northern Rhodesia. Mpaka lero lamulo lathu lotchedwa English Law (Extent of Application) Act limati malamulo amene ankagwira ntchito ku England pa tsiku limenelo amagwiranso ntchito m'Zambia, pokhapokha titapanga athu olowa m'malo mwake. Limodzi mwa iwo ndi Sale of Goods Act ya 1893, imene anailemba ndi woweruza wina dzina lake Mackenzie Chalmers. Eni ake ku Britain anailembanso mwatsopano mu 1979, ndipo mu 2015 anapanga lamulo lina la ogula wamba. Ife tikali nayo ya 1893. Tangoganizani: Toyota yodzaza ndi mawaya ndi kakompyuta, ikafika kukhoti, amaiyeza ndi lamulo la nthawi ya ngolo za mahatchi.

Lamulo limeneli si lopanda pake ayi. Limati katundu wogulidwa kwa munthu amene ntchito yake ndi kugulitsa zinthu zotere ayenera kukhala woti n'kugulika, ndiponso wogwira ntchito imene wogula anatchula. Koma lili ndi zitseko ziwiri zotulukira. Choyamba, ngati wogula anamuyang'ana katunduyo, sangadandaule za vuto limene akanaliona poyang'anapo. Chachiwiri, ogulitsana angathe kugwirizana kuti malonjezo onsewa asakhalepo. Timawu tiwiri tachingerezi timene mumationa pansi pa invoisi, toti "as is", timalowera pa chitseko chimenechi. Tanthauzo lake ndi lakuti watenga mmene chilili. Chinanso chodabwitsa n'chakuti m'lamulo la 1893 liwu loti waranti ndi lonjezo laling'ono. Likaswedwa umangolandira chipukutamisozi, sungabweze katundu. Lonjezo lalikulu, lokulola kubweza, amalitcha dzina lina, condition. Liwu limene ife timalidalira kwambiri, kwa maloya ndi mng'ono wake chabe.

Kwa zaka zambiri zonsezi sizinkamukhudza munthu wa ku Lundazi. Pamene bwanamkubwa wa boma Errol Button ankamangitsa nyumba ija yonga linga la mafumu a ku Ulaya, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, imene lero ndi Castle Hotel, mamotoka a m'derali anali a boma, a amishoni ndi a amwenye a masitolo. Makolo athu amene anapita ku Salisbury, ku migodi ya Copperbelt kapena ku Joni ankabwerera ndi njinga, makina osokera ndi galamafoni. Njinga ilibe chinsinsi. Ukaikweza m'mwamba n'kuzunguza gudumu, waona zonse.

Kuyambira 1953 mpaka 1963, nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mayiko atatuwa anali ndi ndalama imodzi ndiponso boma limodzi loona za kasitomu. Ford inkalumikiza mamotoka ku Salisbury, BMC ku Umtali, ndipo wogula wa ku Lusaka, Ndola kapena Blantyre ankagula kwa wogulitsa wovomerezeka wokhala ndi garaji ndi masipeya. Zinasintha Ian Smith atalengeza ufulu wake wa mokakamiza mu 1965, ndipo mu Januwale 1973 boda ya kummwera inatsekedwa. Zambia inatembenukira ku Dar es Salaam. Msewu wa Great North, umene madalaivala a nthawiyo anautcha Hell Run, ndi womwewo umene mamotoka athu a ku Japan amadzera lero.

Boma la a Kaunda linaganiza zopanga zathu. Mu 1972 fakitale ya Livingstone Motor Assemblers, ya INDECO mogwirizana ndi Fiat ya ku Italy, inayamba kutulutsa mamotoka. Zigawo zinkabwera m'mabokosi, amisiri athu n'kumalumikiza. Pambuyo pake anawonjezera Peugeot ndi Mazda. Ife a Kummawa tinalandira gawo lathu: fakitale ya njinga ya Luangwa Industries ku Chipata, ya njinga za Eagle zija. Imeneyi ndiyo nthawi imene wopanga motoka anali pafupi kwambiri ndi wogula m'mbiri yonse ya dziko lino, onse pansi pa mbendera imodzi ndi khoti limodzi. Koma mtengo wa kopa utagwa cha mu 1975, ndalama zakunja zinasowa. Fakitale inkatulutsa zochepa, ogula ankadikira pamndandanda, masipeya anasowa. Kabuku ka waranti ukhoza kukhala nako m'thumba, koma garaji ilibe chitsulo choti ikuikire. Ndipo mphunzitsi wa ku Lundazi pamndandanda umenewo sankayandikirapo n'komwe. Iye wake anali basi ya UBZ, ikabwera.

Mu 1991 a Chiluba ndi MMD anatenga boma, malonda anamasulidwa. Mu 1994 malamulo oletsa kutumiza ndalama kunja anachotsedwa, ndipo chaka chomwecho Zambia Revenue Authority inayamba ntchito. UBZ inagwa, fakitale ya ku Livingstone inagwa, maminibasi akale a ku Japan anadzaza Lusaka. Zovala zinali zitayamba kale kubwera m'mabelo a salaula, manje inali nthawi ya salaula wa mamotoka.

Bwanji Japan? Kumeneko motoka yatsopano imayesedwa ndi boma ikakwanitsa zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse. Kuyesako amakutcha shaken, ndipo pamodzi ndi misonkho yake kumadya ndalama zambiri, moti ambiri amasankha kugulitsa motoka ikadali yolimba. Iwo amayenda kumanzere kwa msewu ngati ife, chiwongolero chili kumanja ngati zathu. Mamotoka amenewa amapita kumisika ikuluikulu ya okushoni, makampani otumiza kunja amagula kumeneko. Intaneti ndi foni zitafala, mayina ngati SBT ndi BE FORWARD anadziwika mpaka kumidzi. Ku Malawi timu ya mpira ya Wanderers inafika potchedwa Be Forward Wanderers kwa zaka zingapo.

Ndinene chilungamo: kusintha kumeneku kunali kwabwino. Namwino, mphunzitsi, mlimi wa fodya, onse anayamba kuyenda pa zawo. Mayi wodwala wa ku Mwase kapena Chasefu lero amafika kuchipatala pa Corolla ya munthu wa m'mudzi momwemo. Sindikufuna kubwerera ku nthawi ya mndandanda. Koma taonani chimene chinachitika: motoka inayandikira, wolonjeza anatalikira. Ku Japan waranti ya Toyota yatsopano ndi zaka 3 kapena makilomita 60,000, ndipo pa zigawo zikuluzikulu monga injini ndi zaka 5 kapena makilomita 100,000. Imagwira ntchito m'dziko la Japan mokha. Motoka zambiri zimene timagula zinadutsa kale zaka zimenezo, ndipo ngakhale yotsala ndi chaka, waranti yake imathera padoko tsiku limene yachotsedwa m'kaundula.

Tsopano tibwerere ku mapepala a msuweni wanga, chifukwa lililonse lili ndi mbiri yake, ndipo lililonse limaoneka ngati chitsimikizo.

Invoisi inalembedwa mtengo wa CIF. Zilembo zitatuzi zikutanthauza kuti wogulitsa walipira katundu, inshuwalansi ya panyanja ndi mtengo wa sitima mpaka doko lotchulidwa. Ambiri amaganiza kuti ndiye kuti motoka ili m'manja mwa wogulitsa mpaka Dar es Salaam. Ayi. Pa malamulo a malonda a panyanja, tsoka lililonse limasamukira kwa wogula motoka ikangokwezedwa m'sitima ku Yokohama, Nagoya kapena Kobe. Inshuwalansi ya panyanja ndi ya ngozi za paulendo, monga moto kapena kumira. Giyabokosi yotha ndi ukalamba si ngozi ya panyanja.

Satifiketi ya oyendera ndiyo imasokoneza anthu koposa, chifukwa ili ndi chidindo chokongola. Boma litaona kuti dziko likusanduka dzala la mamotoka akutha, Zambia Bureau of Standards inalamula kuti motoka iliyonse yakale iyesedwe isanakwere sitima, ndipo kampani ya JEVIC inagwira ntchitoyi kwa zaka zambiri. Lamulo la 2017 litakhazikitsa Zambia Compulsory Standards Agency, udindowu unapita kumeneko. Wobweretsa motoka yosayesedwa amalipira chindapusa. Koma oyenderawo amayang'ana ngati motoka ili yoyenera kuyenda pamsewu pa tsiku limenelo: mabuleki, magetsi, matayala, dzimbiri, utsi. Pepalalo limateteza anthu ena pamsewu. Silikunena kuti giyabokosi idzafika Khirisimasi.

Za msonkho n'zachidule. Kuyambira 2018 msonkho wa mamotoka akale umawerengedwa potengera mtundu wa motoka, kukula kwa injini ndi zaka zake. Boma limatenga zake kaya motoka ndi yabwino kaya ndi bokosi. White Book ya Road Transport and Safety Agency imangonena mwini wake. Ndipo amene mumawoloka pa Lusuntha kupita ku Jenda kapena Mzimba mumaidziwa Yellow Card ya COMESA, imene inayamba mu 1987. Imeneyo imawolokadi boda, koma imalipira munthu amene mwamugunda, osati motoka yanu.

Mwina wina anena kuti, nanga si tili ndi CCPC? Tili nayo, ndipo lamulo lake ndi lamphamvu kuposa la 1893. Competition and Consumer Protection Act ya 2010, imene inalowa m'malo mwa lamulo la 1994, imaletsa m'gawo 48 kupachika zikwangwani zija zoti katundu wogulidwa sabwezedwa. Gawo 49 limaletsa kugulitsa katundu wowonongeka kapena wosagwira ntchito yake, ndipo limati wogulitsa abweze ndalama kapena apereke wina. Ukagula motoka pa yadi ya ku Lusaka kapena Chipata, kwa kampani yolembetsedwa, yokhala ndi geti ndi lisiti, uli ndi poyambira. Koma mphamvu ya bungweli imathera pamene Zambia yathera. Silingatumize munthu kukagogoda pa ofesi ya ku Tokyo. Apa m'pamene achinyamata ambiri amagwera: amalipira "ajenti" wa m'tauni amene amangowaitanitsira, koma dzina lolembedwa pa invoisi ndi pa pepala la sitima ndi lawo. Pamaso pa lamulo, wobweretsa motoka m'dziko ndi iwe mwini. Ajenti adzakuuza kuti iye anali mthenga chabe, ndipo mthenga saphedwa.

Pamwamba pa CCPC pali bungwe la COMESA loona za mpikisano ndi ogula, limene linayamba ntchito mu 2013. Likulu lake lili ku Lilongwe, kumene kwa munthu wa ku Lundazi ndi kufupi kuposa Lusaka. Limamva madandaulo a malonda owoloka malire pakati pa mayiko a COMESA. Koma taonani njira ya motoka yathu. Japan sali m'bungwemo. Tanzania, kumene imatsikira, inatuluka mu COMESA m'chaka cha 2000. South Africa, kwa amene amakagula ku Durban, nayonso si membala. Ku Durban kuli nkhani yakeyake: dzikolo sililola mamotoka akale ochokera kunja kugulitsidwa kwa anthu ake, choncho mayadi a kumeneko amasungira ife odutsa. Lamulo lawo la ogula, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, limapatsa wogula miyezi 6 yobwezera katundu wowonongeka. Koma ndani angakoke motoka yakufa kuchoka ku Lundazi, kudzera Chirundu ndi Beitbridge, kuti akatsutsane ndi mwini yadi?

Pali chinthu china chimene chinandiseketsa n'kundimvetsanso chisoni. Mu 1980 mayiko anapangana ku Vienna pangano la United Nations la malonda a katundu pakati pa mayiko. Litayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1988, Zambia inali m'gulu la mayiko 11 oyambirira, pamodzi ndi United States, China, France ndi Lesotho. Japan inalowa mochedwa, mu 2009. Ndiye kuti mayiko awiriwa ali m'pangano limodzi lonena za katundu wosakwanira. Koma gawo lachiwiri la panganolo limati silikhudza katundu wogulidwa kuti munthu agwiritse ntchito yekha kapena ndi banja lake, ndiponso silikhudza zogulidwa pa okushoni. Linalembedwera amalonda. Mphunzitsi wogula motoka yopitira kusukulu ndi kutchalitchi anasiyidwa panja ndi chiganizo chimodzi.

Giyabokosi ndi ndalama chabe. Pali pamene kusowa kwa wolonjeza kumafika pa moyo. Kuyambira cha mu 2013 dziko lonse linagwedezeka ndi nkhani ya ma airbag a kampani ya Takata. Mankhwala ophulitsa thumba lija ankawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, moti pa ngozi ankatha kuphulika mopitirira n'kumwaza tizitsulo kumaso kwa dalaivala. Anthu anafa, mamotoka mamiliyoni ambiri a Honda, Toyota, Nissan, Mazda ndi ena anaitanidwa kuti akakonzedwe ulere, ndipo Takata inagwa mu 2017. Ku Japan eni mamotoka analandira makalata, ndipo kuyambira Meyi 2018 boma linayamba kukana kupereka shaken kwa ena mwa mamotoka osakonzedwa. Nanga imene inali itakwera kale sitima? Wopanga sadziwa kuti ili pa siteshoni ya Lundazi ikunyamula anthu asanu ndi awiri ndi matumba a chimanga. Kalata ilibe kopita. Chimene mwini angachite ndi kutenga nambala ya chasisi n'kuifufuza pa tsamba la wopangayo, kapena kukafunsa kwa wogulitsa wovomerezeka wa mtundu umenewo. Ndi ochepa amene anauzidwapo zimenezi pogula.

Ngakhale wogula yatsopano asadzitame msanga. Opanga mamotoka amagawira ogulitsa awo madera, ndipo kabuku ka waranti kamanena kumene imagwira ntchito ndi zimene zingaiphe. Kawirikawiri kamafuna kuti sevisi ichitikire ku garaji yovomerezeka, pa makilomita otchulidwa, ndi chidindo. Kuchoka ku Lundazi kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 180, ndipo kuchoka apo kufika ku Lusaka ndi enanso oposa 550. Ukasinthira oyilo pansi pa mtengo wa mango kawiri, waranti yatha yokha. Makampani ena a ku Japan masiku ano amagulitsa waranti yawoyawo powonjezera ndalama, koma imakhala ya nthawi yochepa, ndipo imafuna kuti udandaule msanga, ndi zithunzi ndi lipoti la makanika. Masiku ake ena amathera pamsewu ndi pamzere wa pa boda, mwini asanaigwire n'komwe kiyi. Werengani tsiku limene kuwerenga kumayambira musanalipire.

Maboda enieniwo akufewa chaka ndi chaka. Chirundu inakhala boda yoimapo kamodzi mu 2009, Nakonde ndi Tunduma mu 2019, Mwami ndi Mchinji mu Disembala 2022. Zonsezi zinapangidwa kuti katundu adutse msanga, ndipo akudutsadi. Palibe mwa mapanganowa limene linapangidwa kuti dandaulo la wogula libwerere njira yomweyo.

Msuweni wanga analembera kampani imene inamugulitsa. Anamuyankha mwaulemu kwambiri, ndi mawu opepesa, n'kumulozera pa timawu tiwiri tija pansi pa invoisi. Motoka inakhala miyezi inayi pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Atagulitsa soya wa chaka chotsatira, anagula giyabokosi yochotsedwa m'motoka ina imene inachita ngozi, ndipo makanika wina wa pafupi ndi msika anaimanga masiku awiri. Pomulipira, msuweni anafunsa moseka ngati pali waranti.

Bamboyo anapukuta manja pa ovolosi. "Aphunzitsi, yendani nayo masabata awiri. Ikalira mubwere nayo, sindidzakulipiritsani. Mukandisowa pano, nyumba yanga ndi ija ya chitseko chobiriwira kuseri kwa chigayo. Mwana wanga wachiwiri ali m'kalasi mwanu."